Chimanga cha M'zitini

Ezeliya anali tenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Nsaru. Anachokera ku Phalombe pa lole, ndipo kumudziko analibe ngakhale mzere umodzi wa munda woti n'kubwererako.

Mwana wake Faness anali Sitandade 7. Kusukulu kunabwera aphunzitsi atsopano, a Caroline, amene ankauza atsikana kuti nawonso atha kudzakhala alangizi a zaulimi, ngakhale madokotala. Anawapatsa ntchito ya sayansi: kudzala chimanga m'zitini ziwiri, china dothi lokha, china chothira feteleza, n'kumayeza kakulidwe kake. Wochita bwino akaonetsa ku Lilongwe.

Faness anaika zitini zake kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya. Feteleza anatapa m'thumba la bambo ake, wongodzaza kachitsekerero ka botolo.

Koma pa esiteti feteleza ndi wa fodya basi. Tenanti akam'thira pa chimanga ndiye kuti wabera bwana, ndipo amathamangitsidwa fodya wake ali m'munda.

Kapitawo Alufeyo, poyendera zigafa, anaima pa chitini chobiriwiracho n'kumwetulira, kenako anaitana Ezeliya.

"Achimwene, kodi kwanu ku Phalombe chimanga chimabiriwira chonchi ndi malovu?"

"N'za kusukulu, akapitawo. Masewera a ana."

"Sukulu ikugawa feteleza masiku ano, eti? Bwana akondwa kumva zimenezi." Alufeyo anayang'ana mulu wa masamba osasoka. "Komatu manja akuchepa pano. Mwana wosowa chochita ndiye amatapa zinthu za eni. Atakhala kuti akusoka, ine sindinaone kanthu."

Ezeliya anamvetsa bwino lomwe zimene kapitawoyo ankatanthauza. Anaganiza za a Caroline aja, olandira malipiro mvula igwe isagwe. Kudzaza ana maloto n'kosavuta. Tsiku lotayidwa katundu pamsewu, aphunzitsiwo sadzabwera ndi denga.

Masana Faness anafika n'kuthamangira kuseri, rula ili m'manja. Anapeza bambo ake atakhuthula zitini, chimanga chikufota padzuwa, mizu ili kumwamba.

"Ababa, kunangotsala pang'ono kuti ndikaonetse."

"Kavule yunifolomuyo, ubwere ukhale apa," anatero Ezeliya, akum'patsa singano yosokera fodya.

"Mpaka liti?"

"Mpaka fodya athe."

Onse awiri ankadziwa kuti fodya satha. Kukatha kusoka kumabwera kusankha, kukatha kusankha kumabwera nazale. Faness anakavula, n'kudzakhala pansi pafupi ndi muluwo. Anatola tsamba loyamba, nalibaya. Ezeliya anatembenukira kumunda kuti asamuone kumaso.