Duku Loyera la Rosina

Kudzikongoletsa si tchimo, koma kuli ndi mphwake wotchedwa kudzikuza, ndipo awiriwa sayenda motalikirana. Rosina Chikaonda, wosamalira okalamba pa nyumba ina ku Silver Spring, kutsidya kwa nyanja, ankadziwa bwino zimenezi, pakuti analeredwa pa mishoni. Komabe m'chaka cha 1996, masamba a mitengo atayamba kufiira, anaziiwala dala chifukwa cha a Sosten Mbewe, oyendetsa takisi, bambo oferedwa, amene potuluka m'tchalitchi ankamupatsa moni wautali kuposa wa anthu ena onse.

Loweruka linalo kunali phwando ku Bowie, kwa Mayi Anastazia, akazi a bwana wina wa ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Rosina anatsimikiza mumtima kuti tsiku limenelo nkhani ya a Sosten isathere pa moni.

M'chipinda cha gogo wina amene ankamusamalira munali magazini ya mafashoni, ndipo Rosina anaiwerenga ndi khama loyenera Masalimo. Inanena kuti nyengo imeneyo akazi a ku Paris savala zamawangamawanga ayi: siketi yakuda, bulauzi woyera, nsapato zakuda zafulati, ndi kansalu kopepuka m'khosi, basi. Choncho anatengana ndi mnzake wa kuntchito, Edness wa ku Lusaka, ulendo ku kaunjika wa Azungu, kumene zovala zakale amazikoleka pa mahang'ala ngati zatsopano.

"Iwe Rosina, manje izi ndiye za ku Paris?" anafunsa Edness, atanyamula bulauzi ndi zala ziwiri. "Ine nenze kuganiza kuzankhala nthenga."

"Sudziwa kanthu iwe. Mfalansa weniweni amavala ngati sanaganizirepo."

"Nanga iwe waganizira sabata yonse!"

Anaseka mpaka wogulitsa anasuzumira. Kansalu ka silika koyera anakapeza pansi pa mulu wa mataye.

Loweruka m'mawa Edness anamuwongola tsitsi ndi chipeso chamoto. Rosina anazungulira pagalasi, kansalu kali m'khosi, akupereka moni wa Chifalansa, "bonzhu" kwa firiji, "bonzhu" kwa mpando. Koma potsika galimoto ku Bowie anapeza mvula ikuwaza, ndipo mkazi aliyense amadziwa zimene madzi amachita ndi tsitsi lowongola. Mosazengereza anamasula kansalu kaja m'khosi nakamanga kumutu, mfundo kumbuyo, monga ankamangira duku amayi ake. Analowa m'nyumba chothamanga, akuseka, osakumbuka kumasula.

Pabalaza panali patatentha ndi kwasakwasa. Anthu atangomuona, wina analumphira wailesi n'kuichepetsa. Mabotolo a mowa anatsikira kuseri kwa mipando. Bambo wina anazimitsa ndudu m'mbale ya mtedza. Pakuti siketi yakuda, bulauzi woyera ndi duku loyera, kwa Mmalawi aliyense ndi yunifolomu ya Mvano, chovala cha amayi amene analumbira pamaso pa mpingo.

A Sosten anaimirira, dzanja limodzi lili kumbuyo, navula chipewa ndi linalo. "Takulandirani, amayi. Sitinamve kuti munavekedwa."

Amayi! Chikhalirecho kutchalitchi ankati achemwali.

Mayi Anastazia anabwera akuwomba m'manja mwaulemu. "Mulungu ngwabwino. Tinalibe wotitsegulira. Amayi a Mvano, tidalitsireni chakudya."

Mitu yonse inawerama. Edness yekha anali chiimire pakhomo, atadziluma chala, mapewa akugwedezeka. Rosina anagwira kumutu, namva mfundo ija, ndipo zonse zinamuonekera. Akanatha kungopemphera, n'kulandira mpando wofewa ndi ntchafu ya nkhuku, koma a Sosten akanamamulemekeza chapatali mpaka imvi. Chinanso, kuvala ulemu umene sunaulumbirire ndi kuba ndithu, ndipo pamenepa maleredwe ake anadzambatuka.

"Pepani nonse," anatero. "Ine si wa Mvano. Izi... izi ndi za ku Paris."

Pomwepo Edness anaphulika ndi chiseko, nagwera pa makhoti a alendo. Mayi Anastazia, amene anakhalapo ku Paris ndi amuna awo, anamuzungulira Rosina akupukuta misozi.

"Mwana wanga, n'zoonadi! Ndinkadabwa chimene chinkandisowetsa mtendere m'misewu muja. Tsiku lililonse ndinkangomva ngati ndachedwa ku msonkhano wa Lachinayi!"

Rosina nayenso chiseko chinamugwira mpaka anatsamira khoma. Atamasula duku, tsitsi linali litaima mbali imodzi ngati lipombo la tambala, ndipo chiseko chinayambiranso. Chakudya anachidalitsa eni nyumba, mwachidule kwambiri, popeza Edness anali asanachire.

Wailesi itakwezedwanso, a Sosten anayandikira, dzanja lija likadali kumbuyo.

"Achemwali, mtima unandithawa. Ndinati munthu ngati ine ndiyambira pati ndi amayi a Mvano?"

"Nanga ndi wa ku Paris muyambira pati?"

"Pa nyimbo iyi, mukalola."

"Yambani mwaika pansi chimene mwabisacho."

A Sosten anaika botolo pawindo lisanafike ndi theka lomwe, ndipo sanabwererenso komweko. Anavina motalikirana bwino, monga kuyenera anthu a msinkhu wawo, Edness akuwaimbira nthungululu m'nyumba ya eni ake.