Mabatani M'kamwa mwa Telala

Chiyambire kumwa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi, Che Habibu, telala wa pakhonde la golosale ku Ndirande, m'kamwa mwawo munauma gwaa. Lilime linkamatirira kumwamba, mawu n'kumatuluka ngati akutafuna thonje. Mkazi wawo Zeinabu akawapatsa madzi, ankati madziwo akungodutsa.

Ndiye kunabwera Onesimo, bambo woyenda m'misika ndi chikwama cha mankhwala, atanyamula botolo la madzi achikasu. Anati ndi ndimu ya ufa yosungunula ndi shuga, kungolawa pang'ono malovu ayamba kutuluka. Sananame. Che Habibu anaimika botololo pambali pa makina, n'kumavumata madziwo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osameza msanga. Likatha, Onesimo ankabweretsa lina.

Zeinabu botololo linkamunyansa. Kukamwa kwa botololo kunali konata, tiulusi titamatirira, ntchentche zikusinthana ndi mwamuna wake. Koma ankangoyang'ana kumbali, popeza munthu anali atayambanso kuyankhula bwino.

Che Habibu mano awo anali zipangizo za ntchito. Ulusi ankadula ndi mano, singano ankaluma ndi mano, mabatani ankasunga m'tsaya n'kumatulutsa limodzilimodzi. Zeinabu kale ankawanyadira mano amenewo, oyera ndi ondondozana.

Chakumapeto kwa Juni, amayi a chipani ataunjika nsalu zoti akavale povina pa 6 Julaye, ntchito yoti telala sangaikane, kunafika kalaliki wina dzina lake Januario ndi malaya m'manja. Anadandaula kuti mabatani ake a chigoba cha nkhono, amene mlamu wake anamubweretsera kuchokera ku Beira, anawapereka akunyezimira, koma abwerera ali mbuu. Che Habibu anati ndi sopo. Januario anati malayawo sanachapidwepo.

Zeinabu, amene ankasita pambali, anakanda batani limodzi ndi chikhadabo. Linali lokhakhala. Anakumbukira kuti tsiku losoka malayawo mabataniwo anakhalitsa m'tsaya, mwamuna wake akukamba za mpira, botolo likupita kukamwa.

Anapita kuseri, nathira madzi achikasuwo m'kapu, n'kuponyamo chikhokhombe cha dzira. Chinayamba kuchita thovu pomwepo. Pofika madzulo chinali chitafewa, kukhudza ndi chala n'kungonyenyeka.

Anaika kapuyo pa makina.

"Bambo a Nasima, tayasamulani. Yang'anani kudzuwa."

Che Habibu anakana, nati si mbuzi yapamsika. Zeinabu anawagwira chibwano. Fungo lowawasa linamuwomba kumaso mpaka anabweza mutu. Mano akutsogolo anali atapyapyala, kunsonga kukuonekera ngati galasi, kumizu kuli chikasu ndi timaenje. Miyezi yonseyi ankagona pafupi ndi zimenezi osadziwa.

Anawauza kuti chadya mabatani ndi dzira ndicho chikudya manowo. Che Habibu anaseka, nati dzino si dzira, ndipo mkazi wosadziwa mankhwala asawaphunzitse. Pofuna kumuonetsa, anavumata kawiri, natenga ulusi wokhuthala wa pa nsalu ya chipani, naluma n'kukoka.

Kunamveka kaphokoso, tswa. Ulusi sunaduke. Kachidutswa ka dzino kanagwera pansaluyo, kakang'ono ngati njere ya mpunga. Che Habibu anakatola, nakayang'anitsitsa, lilime likufufuza pamene pagumukapo. Mpweya utalowa anatsinzina ndi ululu.

Zeinabu anatenga botololo ndi nsonga za zala, nakakhuthulira mu ngalande ya kumsewu. Pobwera anamanga kasizasi pa chingwe n'kuwakoleka m'khosi, mabatani anathira m'mbale, ndipo pamalo pa botolo anaikapo kapu ya madzi a pampopi. Anati mawa apita nawo kuchipatala akafunse ngati mapilitsiwo sangasinthidwe, ndipo Onesimo akadzaonekanso pakhondepo adzamwa yekha mankhwala akewo, botolo lonse, iye akuona.

"Koma m'kamwa mukuuma, mayi a Nasima," anatero Che Habibu, mawu akutulukira pa gwerulo.

"Muziuma. Mano otsalawo ndikuwafuna."

Anabwerera pa ayironi yake. Patapita kanthawi anamva makina akulira, kenaka kasizasi kakuti khethe.