Abwana Sanadzidzimuke

Mlembi wa kwaya anakhala pamkeka, laputopu pamiyendo, akumalizitsa nyimbo yatsopano. Oimba ambiri sankawerenga manotsi. Ankaphunzira pomvera zomwe kompyuta yaimba, iye akawatumizira pafoni.

Chibadwire mwana wake, amene m'nyumbamo ankamutcha Abwana, mlembi ankalemba nyimbo yonse pa pp, chizindikiro cha motsitsa kwambiri, kuti kompyuta izingonong'ona. Ma f ndi ma ff, a mokweza, ankawabwezera pomaliza, atavala mahedifoni. Tsikulo mahedifoni anali atapita kuntchito ndi mwamuna wake, ndiye analumikiza sipika.

Pamzere wachitatu ff inaphulika. Mlamu wake, amene ankasita pakona, anatsala pang'ono kuponya simbi.

"Mlamu, mukufuna mundiphe ndisanakwatiwe?"

Mlembi sanaseke. Abwana anali chigonere chagada pafupi ndi sipika, akuyamwa chibakera. Sanaphethire n'komwe.

"Mwamuona mwanayu?"

"Watengera bambo ake. Achimwene aja mpaka uwaitane katatu."

"Miyezi isanu ndi iwiri, mlamu. Munamuonapo liti akudzidzimuka?"

Mlembi naye anafufuza m'mutu, tsiku lotero osalipeza. M'nyumbamo aliyense ankayenda monyang'ama, ndipo lamulolo anaika ndi iye mwini.

Anatsegula tsamba latsopano n'kulemba noti imodzi kanayi. Pansi pa yoyamba anaika p, kenako mf, f, ff. Noti iliyonse inayenera kulira mokweza kuposa yam'mbuyo. Sipika anaisunthira chakumutu kwa mwana, komwe sakanaiona.

Yoyamba inalira. Yachiwiri. Mlamu anazimitsa simbi. Yachitatu inadutsa mwana akuyamwabe chibakera. Pa yachinayi galasi la pawindo linanjenjemera, ndipo Abwana anapendeketsa mutu pang'ono.

"Si uyo wamva," anatero mlamu, mawu atachepa.

"Wamva, kapena ndi pansi pagwedezeka?"

"Tidikire achimwene aweruke. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndadekha miyezi isanu ndi iwiri. Ndimayesa ndili ndi mwana wofatsa."

Anagwada kumbuyo kwa mwana n'kumuitana dzina lake lenileni, koyamba motsitsa, kachiwiri ndi mawu onse. Abwana ankasekerera denga.

Mlembi anatseka laputopu nyimbo isanatumizidwe, n'kukoka nsalu yoberekera.

"Khadi lake la kuchipatala lili m'kabati, pansi pa matewera. Nditengereni."

Mlamu analitenga, n'kuyamba kufunafuna nsapato zake.