Isazime Panjira

1.
Wakuphunzitsa ndani?
Wofunsidwayo dzina lake ndi Ndaziona. Mtsikana wa Fomu 2, wogwidwa kuseri kwa zimbudzi za pasukulu utsi uli tolotolo. Ahedi sanazungulire: Lolemba abwere ndi kholo, atchule amene anamuphunzitsa, apo ayi sukulu yathera pomwepo.

2.
Bambo ake ndi a Malizani, telala wa pakhonde la golosale ku Chilomoni. Fodya anasiya kalekale chifuwa chitawagoneka, ndipo aliyense wodzasoketsa amauzidwa nkhaniyo, afune asafune. Ine ndinasiya, ine! Lero makina awavundikira ndi chitenje. Phazi lokha likupondabe pansi ngati likusoka.

3.
Ndiye anauyamba ulendo, okala ndi okala, benchi ndi benchi, tepi yoyezera ili m'khosi chifukwa anaiwala kuivula, kufunsa mnyamata wa tchipisi, kufunsa wometa, kufunsa akabaza amene anangowaseka, madala mwatani kodi, kuwoloka ngalande, kubwerera, kuwolokanso, thukuta kamukamu, mtima ukuti ndikampeza ameneyo andiona, wondiwonongera mwana ameneyo andiona, mwana amene ndamsokera yunifolomu ndi manja angawa

4.
Pa benchi la Nasibeko pali:
machesi
sopo wodula
mafuta ophikira a m'timachubu
maswiti
ndudu, imodziimodzi, moyandikana ndi maswiti.

Mayi, mulibe manyazi kugulitsa fodya kwa mwana?
Iii, a Telala, wanuyo akafika amati andituma ababa.
Ine ndinasiya!
Nanga ine ndikanalota? Mawu amenewo anayamba kuwanena mutu wake usanafike pa benchili.

5.
Bodza.
Azimayi a pamsika pakamwa!
Bodza.

6.
Kunyumba anamupeza Ndaziona akuchapa. Wakuphunzitsa ndani? Anzako aja? Kamnyamata? Tchula, iwe, sukulu ikukuthera uku ukuona!
Ndaziona anatsokomola, chifuwa chouma chija chimene a Malizani amachidziwa bwino. Mantha anawagwira, mantha enieni, mpaka anakhala pansi pa ndowa yovundikira.
Sindinena, ababa.
Anapitiriza kufinya malaya.

7.
Lolemba.
Ahedi anapukusa mutu. Bambo, mwanayu si wa dzulo pa zimenezi. Ndudu amaibisa m'chikhatho, moto kuloza mkati, ngati nkhalamba ya pa bawo. Dzina limodzi lokha, mtsikana, ubwerere m'kalasi.
Wakuphunzitsa ndani?
Palibe. Ndinayamba ndekha.
Mwana wouma mutu ngati uyu sindinamuone, anakalipa a Malizani. Ukutchinjiriza ndani? Chitsiru chimenecho chikuposa sukulu yako?
Apo m'pamene Ndaziona anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Sanawayang'ane mwamwano, ayi. Anawayang'ana mwachisoni.
Phazi la a Malizani lija linasiya kuponda.

8.
Khonde lomwe lija, kale. Makina akulira, madiresi a ukwati aunjikana, manja onse awiri ali pa nsalu, machesi atha. Kamtsikana kovala diresi ya zigamba zotsala pa nsalu za eni ake kafika ndi ndudu imodzi kuchokera kwa Nasibeko.
Thamanga, kandiyatsire pa mbaula ya amayi a zitumbuwa.
Kathamanga. Kabwera nayo yozima.
Aaa, iwenso! Taona. Uziibisa m'dzanja chonchi, mphepo isaipeze. Ukafika pakati uzikokako pang'ono, chonchi. Isazime panjira.
Kathamanganso.
Kakubwera uko, kakutsokomola, misozi ili mbwembwembwe, koma kakumwetulira, kadzanja kali chifumbatire.
Ababa, sinazime!
A Malizani anailandira osachotsa maso pa singano.
Mwana wanzeru, anatero. Mawa uchitenso chomwecho.