Chiberekero cha Mphanda

Lenia anakwatiwa mu 1979 ndi Elifala, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Bowe, ndipo pofika 1985 anali atakhalapo ndi pakati kanayi popanda mwana woti n'kumubereka kumsana. Mimba ziwiri zoyamba zinachoka zisanaonekere n'komwe. Yachitatu inafika miyezi isanu ndi umodzi, mwana n'kubadwa wakufa kale. Amayi akuluakulu a m'mudzimo anamukulunga m'kansalu n'kukamuika okhaokha, amuna ali kumunda. Amayiwo anamulangiza Lenia kuti mtayo saulira, chifukwa misozi imatseka njira ya ana obwera m'mbuyo. Iye anamvera, sanalire.

Elifala anamutenga chitengwa, choncho Lenia ankakhala pakati pa abale a mwamuna wake, ndipo kumeneko nkhani sizinkasowa. Ena ankati Elifala amazemba n'kukayenda ndi akazi ena mkazi wake ali woyembekezera. Alamu ake aakazi ankanong'onezana pamtondo kuti mwina Lenia amadya yekha ana akewo. Elifala anali munthu wosayankhulayankhula. Akamva zotere ankangonyamula khasu n'kuchokapo, ndipo Lenia sankadziwa ngati kuchokako kunali kumuteteza kapena kuvomereza.

Mimba yachinayi inafika miyezi isanu ndi itatu, koma mwana anapingasa. Anamunyamula Lenia pangolo mpaka ku chipatala cha mishoni, n'kumuchita opaleshoni. Mwanayo anali wamkazi ndipo sanapume. Patapita masiku atatu dokotala anabwera pabedi pake ndi namwino womasulira, n'kujambula zinthu ziwiri papepala. Anafotokoza kuti chiberekero cha amayi ambiri chimakhala ngati chipanda, chotakasuka m'kati, koma chake chinali ndi mphanda: chinagawikana pawiri chakumtunda, moti mwana ankakulira mbali imodzi ndipo malo ankamuchepera. Anati anabadwa nacho choncho, palibe anamulodza, ndipo palibe chimene iye kapena mwamuna wake analakwa. Lenia atafunsa za mankhwala, anamuyankha kuti palibe. Chimene chinalipo n'chakuti akadzaimanso adzabwere msanga.

Dokotala atachoka, namwino uja anatsalira n'kumuuza motsitsa mawu kuti akayamba kuyenda apite kuseri kwa nyumba yochapira, akafunse amayi Elizabeti.

Amayi Elizabeti anali ochapa nsalu za m'mawodi, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, manja awo otuwa ndi sopo. Lenia asanamalize kufotokoza, iwo anapukuta manja m'chitenje, n'kukweza bulauzi pang'ono kumuonetsa zipsera ziwiri pamimba. Anati nawonso chawo n'cha mphanda. Pa mimba zisanu ndi ziwiri anapulumutsa mwana mmodzi, amene panthawiyo anali ku sekondale. Anamuuza kuti alipo ena atatu otero, ndipo amakumana Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse pamenepo, pansi pa zingwe zoyanikira. Anamuchenjeza kuti azibwera ndi ulusi ndi singano zolukira. Masiku amenewo anthu akamasonkhana kawirikawiri popanda chifukwa chooneka, wina ankakanena kwa tcheyamani wa chipani, ndiye aliyense wofunsa ankauzidwa kuti amayiwo akuphunzira kuluka.

Lachinayi loyamba Lenia ankangomvetsera, ulusi uli pamiyendo. Anzakewo ankakamba za ana awo akufa mowatchula mayina, ngati ana oti angopita kukatunga madzi. Kenako amayi Elizabeti anatembenukira kwa iye.

"Nanga anu aja, mayina awo ndani?"

"Analibe mayina, amayi. Sanafike popatsidwa."

"Kwa anthu analibe. Nanga mumtima mwanumo?"

Lenia ananena kuti wachitatu ankamutchula Andireya, ndipo wa mwezi wathawu Veronika, dzina la mayi ake. Atangotchula lachiwirilo analira kulira kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Palibe anamuletsa. Mayi wina wamng'ono kwa iye anamuchotsera singano m'manja kuti asadzibaye, n'kumugoneka mutu pamiyendo pake.

Mayi ameneyo anali Manesi, wa kumapiri a ku Ntchisi, amene ankanyamuka mbandakucha kuti afike pamsonkhanopo dzuwa lili paliwombo. Anali atataya ana atatu, ndipo mwamuna woyamba anamusiya chifukwa cha zomwezo. Komabe anali wansangala, woseka mokweza mpaka amayi Elizabeti kumudzudzula kuti kuwodi kuli odwala. Kuluka sankatha, kwa chaka chathunthu ankaluka n'kumasula kasokosi kamodzimodzi. Iye ndi Lenia anayamba ndi "inu", miyezi isanathe itatu anali pa "iwe". Pobwerera ankayenda limodzi mpaka pamphambano pamene panali mtengo wa mango, akukambirana zinthu zimene Lenia sakanauza ngakhale mayi ake omubereka.

M'nyengo yozizira ya 1987 onse awiri anaima, motsatizana ndi milungu yochepa. Mimba itayamba kuoneka, Lenia anapita ku msika wa Mponela kukagula mchere, ndipo pachipata anyamata a chipani anamuimitsa. Anaonetsa khadi lake la chipani, koma mmodzi analoza pamimba pake n'kunena kuti wam'katimo nayenso ndi munthu, agulidwire lake. Atamufunsa dzina loti alembe, Lenia anachita mantha, poti mwana wosabadwa satchulidwa pagulu. Mnyamatayo anangolemba kuti "mwana wa Lenia". Njira yonse yobwerera anali ndi mantha, komabe pansi pa manthawo panali kachimwemwe kochititsa manyazi: aka kanali koyamba kuti munthu wachilendo awerengere mwana wake ngati munthu.

Pa miyezi isanu ndi umodzi dokotala analamula kuti onse awiri akhale kuchidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera ankadikiriramo pafupi ndi wodi, ndipo asanyamule kanthu kolemera. Anayala mphasa zawo moyandikana. Elifala ankabwera panjinga Loweruka lililonse ndi ufa ndi nkhuni, n'kukhala panja pang'ono chipewa chili m'manja, kenako n'kubwerera kufodya. Mimba ya Lenia inapendekera kumanzere, ya Manesi kumanja, ndipo akagona mbali zoyenera Manesi ankati anawo atsamirana kuti azijeda amayi awo. Wina mwana akamumenya ankagwira dzanja la mnzake kuti nayenso amve. Tsiku lililonse likatha ankati lapitanso limodzi.

M'mawa wina wa Januwale, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, Lenia anamva kupweteka kwachilendo pachipsera chakale, kenako anaona magazi. Manesi, amene analetsedwa kuthamanga, anathamanga kukaitana namwino. Lenia atatsitsimuka ku opaleshoni anamuuza kuti mwana ndi wamwamuna ndipo walira. Anafunsa kawiri ngati wamva bwino.

Mwanayo anali wamng'ono moti akanakwana m'chipewa cha bambo ake. Anamugoneka m'kabokosi ka thonje, mabotolo a madzi otentha m'mbali, ndipo mkaka umene Lenia ankafinyira m'kapu ankamupatsa kudzera m'kapaipi ka m'mphuno. Elifala anabwera pakati pa mlungu, kusiya fodya akufuna kuthyoledwa, ndipo atalowetsa chala m'kabokosimo mwana anachigwira. Anamutcha Tomasi, dzina la malume ake. Tsiku lachitatu dokotala anauza Lenia kuti chiberekero chinang'ambika pachipsera, ndipo kuti apulumutse moyo wake anachichotsa. Lenia anangogwedeza mutu. Anali ndi Tomasi, ndipo nkhani ya chiberekeroyo inamveka ngati ya munthu wina.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana anayamwa yekha pang'ono. Lachisanu ndi chitatu anatentha thupi. Lachisanu ndi chinayi masana, mvula ikugwa pamalata, anasiya kupuma ali m'manja mwa mayi ake.

Potuluka m'chipatala anadutsa pakhomo pa chidikiro. Lenia anaona Manesi atakhala pamphasa chakukhomo, akumuyang'ana, manja atagwira mimba. Sanaime.

Kumudzi amayi akuluakulu anali atakonzeka kale kukaika mwanayo okhaokha monga mwa mwambo, poti anali asanatuluke m'chikuta. Koma madzulo a tsikulo kunafika amayi Elizabeti ndi anzawo awiri a Lachinayi, atavala zoyera za Chigwirizano cha amayi a mpingo, matope mpaka m'mawondo. Amayi Elizabeti anagwada, n'kuyankhula mwaulemu wonse kuti mwanayu analira, anayamwa, ali ndi dzina, ndipo iwo abwera kumaliro a Tomasi. Alamu a Lenia anayamba kung'ung'udza kuti alendo sangaphunzitse eni mudzi mwambo. Elifala anaimirira. Anatenga benchi la pakhonde, n'kuyamba kulizula misomali kuti akhome bokosi, ndipo anthu atamva kukhoma anadziwa kuti nkhani yatha. M'mawa mwake Tomasi anaikidwa m'bokosi, mkulu wa mpingo anawerenga mawu, nyimbo inaimbidwa, ndipo Lenia analira poyera, amayi Elizabeti atamugwira m'chiuno kuti chilonda chisatseguke.

Patapita milungu itatu uthenga unafika kuti Manesi wachira, mwana wamkazi wamoyo. Lenia anati Mulungu alemekezeke. Wobweretsa uthengayo atachoka, analowa m'munda wa chimanga n'kugona chafufumimba pakati pa mizere. Sanamve chimwemwe ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinamuopsa kuposa miseche ya alamu ake. Mpamene anamvetsanso zimene dokotala ananena tsiku lachitatu lija: kwa iye kunalibenso kubwera msanga kuchipatala, kunalibenso kudikira. Lachinayi la mwezi wotsatira sanapite, ngakhale la mwezi winawo. Amayi Elizabeti anatumiza moni kawiri, iye osayankha.

Mu Juni, tsiku lina masana, Lenia ali m'chigafa kusankha fodya, anamva odi. Anali Manesi, atawonda, fumbi m'miyendo, kumsana kulibe kanthu. Lenia anamuyalira thumba. Anapatsana moni wa "inu" ngati alendo, n'kukamba za msewu, za kuzizira, za mtedza umene sunabereke chaka chimenecho. Maso a Lenia ankangobwerera kumsana kopanda mwanako, ndipo ankaopa kufunsa. Kenako anaona kuti bulauzi ya Manesi yanyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri, ndipo kunyowako kunkakulirakulira.

"Mwana ali kuti?"

Manesi anaphimba pachifuwa ndi chitenje. "Ali ndi akulu anga pansi pa mango paja, pamphambano. Ndimaopa kulowa naye pakhomo pano."

"Kuchokera liti?"

"Tafika kalekale. Ndinazungulira kawiri ndisanaodire."

Lenia anayang'ana tsamba la fodya limene linali m'manja mwake, n'kunena kuti pali chinthu chimene ayenera kuulula, ndipo Manesi akachimva mwina sadzafunanso kubwera. Anati tsiku limene anamva za kubadwa kwa mwanayo sanakondwere. Anafunsa Mulungu chifukwa chake anasankha wa Manesi, ndipo kwa kanthawi analakalaka zikanakhala zofanana kwa onse awiri.

Manesi sanadzidzimuke. Misozi inkangotsika osaipukuta.

"Nanenso ndili nacho changa," anatero. "Tomasi atatentha thupi, ine ndinapemphera. Koma sindinapempherere iyeyo. Ndinati Ambuye, ngati mmodzi ayenera kupita, asakhale wanga. Mawa lake unadutsa pakhomo paja. Kuyambira pamenepo ndikamamuyamwitsa ndimaona ngati ndinaba."

Kunja nkhuku zinkapalasa. Palibe anapepesa mnzake, ndipo palibe ananena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu. Pomaliza Lenia ndiye anayankhula.

"Pita ukamutenge. Mwana wa miyezi inayi sakhala ndi njala chifukwa cha ine."

Manesi atapita, Lenia anasamba m'manja kawiri kuti fungo la fodya lichoke. Mwanayo anali Susana, wonenepa, wa tsitsi lambiri. Lenia anamulandira, ndipo kulemera kwake kunamudabwitsa; manja ake ankadziwa mwana wopepuka ngati nkhunda. Susana anamuyang'ana, kenako anatembenuzira mutu pachifuwa pake n'kuyamba kufunafuna ndi kukamwa. Lenia anapirira pang'ono, n'kumubweza kwa mayi ake, nati akufuna bere. Manesi anayamwitsa atatembenukira kukhoma, koma Lenia anamuuza kuti akhale bwinobwino.

Dzuwa litapendeka anawaperekeza mpaka pamango paja. Manesi anafunsa ngati adzaonane mwezi wamawa kwa amayi Elizabeti. Lenia anati sakudziwa, ndipo Manesi sanakakamize. Lenia anaima n'kuwayang'ana akukwera chitunda cholowera ku Ntchisi, kamutu ka mwana kakugwedera kumsana, mpaka anabisika m'mitengo.

Atabwerera analowanso m'chigafa, chifukwa fodya anayenera kumangidwa mawa lake. Elifala anamupeza akusankha, masamba ena atanyowa ndi misozi. Anakhala pansi pambali pake, n'kumatola onyowawo limodzilimodzi kuwayala padera kuti aume.