Mimba Imene Sinali Mimba

Panatha miyezi ingapo Mayi Telala asanapite kumwezi. Zaka zawo zinali pafupi kukwana makumi asanu, ndipo mwana wawo wamkazi anali woyembekezera. Nkhaniyi inkawasowetsa mtendere. "Ine kuima pamodzi ndi mwana wanga? Nkhope ndidzaiika pati?" Sanauze munthu aliyense, ngakhale amuna awo.

Thupi nalo linasintha. Akakhala pa makina osokera, ankangomva kutentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu mpaka kudonthera pansalu ya kasitomala. Mutu unkawapweteka pafupipafupi. Kunyumba sankachedwa kupsa mtima. Amuna awo anafika poyenda monyang'ama m'nyumba yawo yomwe.

Tsiku lina masana anadula molakwika nsalu ya diresi la mwini wake. Anaika sizasi pansi, n'kuyamba kulira. Mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu yawo, amene onse ankangomuti Achemwali, anamva ndipo analowa chipeso chili m'manja.

"Kwagwanji, amayi?"

"Achemwali, manyazi andipeza ku ukalamba. Ndikuona ngati ndaima."

Achemwali sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi. "Mwakayezetsa?"

"Ndikayambira pati? Ndikakhale pabenchi limodzi ndi ana amsinkhu wa mwana wanga?"

"Ndikuperekezani mawa. Wina akafunsa, tikanena kuti mimbayo ndi yanga."

Mayi Telala anaseka misozi ili m'masaya.

Kuchipatala anakumana ndi namwino wachikulire, wolankhula modekha. Anawayeza mkodzo, kenako anati, "Amayi, mimba mulibe. Thupi lanu layamba kusiya kusamba. Kutentha kuja, thukuta, kukwiya msanga, zonsezo zimachitikira amayi ambiri pamsinkhu wanuwu. Si matenda, ndipo simunalakwe chilichonse. Koma mpaka chaka chathunthu chithe osasamba, mimba ikhoza kubwerabe, choncho kulera musasiye."

Mayi Telala anapumira m'mwamba, n'kunyamula chikwama kuti azipita.

"Khalani kaye," anatero namwino uja. "Poti mwabwera, tikuoneni thupi lonse. Munayezetsa liti BP, shuga, mabere ndi khomo la chiberekero?"

"Chibadwire cha mwana wanga womaliza sindinapondeko kuno. Nanga ndinkadwala ngati?"

Shuga anali bwino. M'mabere munalibe chotupa. Koma BP inali yokwera kwambiri, ndipo namwino anati mwina ndi imene inkawapweteketsa mutu. Zoyeza khomo la chiberekero Mayi Telala anayamba akana.

"Kumeneko ayi. Ndinasiya kubereka kalekale, ndipo sikupweteka."

"Khansa ya kumeneko imayamba mwakachetechete," anayankha namwino. "Ikafika popweteka ndiye kuti yapita patali. Chitseko nditseka, tikhala awiriwiri, ndipo sitichedwa."

Anavomera. Namwino anapeza kachilonda kakang'ono kamene kanali kasanasanduke khansa, ndipo anawathandiza tsiku lomwelo. Anawauza tsiku lodzabweranso, anawatumiza kwa dokotala za BP ija, ndipo anawalangiza kuti achepetse mchere, aziyendako pansi m'malo mongokhala pamakina tsiku lonse. "Ndipo mukadzasiyiratu kusamba, kenako n'kuonanso magazi, musadzadikire. Mudzabwere msanga."

Atafika kunyumba, Mayi Telala anakhazika pansi amuna awo ndi mwana wawo uja n'kuwafotokozera zonse. Bambowo anati, "Ine ndimayesa mwatopa nane, mayi a ana. Mukanandiuza, bwenzi titapitira limodzi."

Mwanayo anagwira dzanja la mayi ake. "Amama, ndiye mumavutika nokhanokha chonchi? Tsiku lobwerera kuchipatalalo tidzatsagana."

M'mawa mwake bambowo anapita kushopu kukasuntha makina kuwaika pafupi ndi zenera, kuti mphepo iziwapeza akazi awo. Mankhwala a BP amene dokotala anapereka nawo ankawakumbutsa osaphonya. Mutu unasiya kupweteka. Kutentha kunkabwerabe nthawi zina, koma tsopano sankachita nako mantha. Atabwerera kuchipatala, namwino anawauza kuti pamene panali kachilonda paja papola bwinobwino.

Masiku ano mayi wamsinkhu wawo akabwera kudzasoketsa, Mayi Telala amamuyeza m'chiuno ndi m'mapewa, kenako amamufunsa motsitsa mawu, "Nanga kuchipatala munayezetsa liti?" Amayi angapo apita kale chifukwa cha funso limenelo.

Kusiya kusamba si matenda ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Koma pamsinkhu umenewu BP, shuga ndi khansa zimatha kulowa m'thupi munthu osamva kalikonse. Amayi, musadikire kupweteka: pitani mukayezetse mukadali bwino. Abambo ndi ana, mvetserani amayi anu ndipo muwaperekeze.