Njira Yothera pa Kapinga wa Achimwene

Mchimwene wanga Duane akhoza kukuvulira jekete ukamanjenjemera, koma kapinga wa pakhomo pake usamukhudze. Ndinazidziwa mochedwa zimenezi, ndipo mpaka lero ndikamuona mtima umandiwira.

Amuna anga a Orrin anadwala sitiroko chaka chatha. Dzanja lamanja ndi mwendo umodzi zinafooka, mawu anayamba kutuluka movutikira, ndipo dokotala anawaletsa kuyendetsa galimoto. Kwathu kuno ku Minnesota munthu wopanda galimoto ali ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Msewu waukulu wodutsa kutsogolo kwa nyumba yathu ndi ya Duane ndi wa mathiraki onyamula mitengo, m'mbali mwake muli ngalande basi. Zomwe a Orrin ankafuna sizinali zambiri. Ankafuna kukamwa khofi kulesitilanti ya Bev m'mawa ndi anzawo amene ankagwira nawo ntchito kufakitale ya mapepala, kupita okha, osati ine kukawatula ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Tinawagulira njinga ya matayala atatu, koma ankangozungulira nayo pabwalo.

Ndiye boma litatulutsa ndalama zomangira njira ya oyenda pansi ndi apanjinga m'mbali mwa msewuwo, ndinavina m'khitchini. Mwini malo aliyense ankangofunika kulola kuti atapeko kachigawo ka kutsogolo kwake. Atchalitchi analola, wogulitsa matayala analola, ngakhale mayi Kowalczyk amene amakangana ndi agologolo analola. Duane anakana.

Chifukwa chake ati sinowo, madzi oundana aja amene amagwa n'kuunjikana pansi nyengo yozizira. Lamulo la tauni yathu limati njira ikadutsa pakhomo pako, wochotsa sinowo ndiwe. Munthu ameneyu ali ndi galimoto yokankhira sinowo, m'galaja muli makina enanso ouluzira sinowo, ndipo nyengo yosaka agwape ikafika amakwera mitengo ngati mnyamata. Koma pa fosholo pokha ati msana.

Ndinamupitira ndi keke ya maapulo, n'kumulonjeza kuti ndizibwera ndekha ndi fosholo nyengo yonse yozizira. Keke anadya mpaka kunyambita foloko.

"Iwe Marlys, kulonjeza n'kosavuta," anatero. "Bondo lako lija likatupa, wina n'kuterereka apa, kukhoti adzapite ndani? Ndi ine. Komanso anthu osawadziwa azidutsa pawindo langa, kumandiyang'ana ndikudya."

"Achimwene, ndani angataye nthawi yake kuonerera inu mukudya? Alamu anu akuwola m'nyumba."

Anangoti amandimvera chisoni, koma malo ndi ake. Ndinatenga mbale yanga n'kutuluka osatsazika.

Kukhonsolo ndinapitako mpaka mlonda anandiloweza dzina. Akuluakulu akumeneko anandiuza kuti mphamvu zolanda kachigawoko anali nazo, koma nkhani ikapita kukhoti imatenga zaka, pomwe ndalamazo zikanabwerera kuboma chilimwe chikangotha. Nanga akanatani? Anamanga njira yokongola, yosalala, kuchokera kwathu mpaka pa malire a malo a Duane, n'kuimikapo chikwangwani choti njira yathera pano. Kutsidya kwa malo ake inayambiranso mpaka kukafika kwa Bev. Wojambula mapulani anandiuza mosachita manyazi kuti pampatapo anthu akhoza kulowako pang'ono mumsewu. Ndinamufunsa ngati angalowetsemo mayi ake, iye n'kuyamba kusanja mapepala. Mwambo wotsegulira anakachitira kutchalitchi, kumene mpatawo suoneka pazithunzi.

Kuyambira pamenepo a Orrin m'mawa uliwonse ankavala chipewa, n'kupalasa mpaka pachikwangwani. Kapinga wa Duane ndi wofewa komanso wotsetsereka, matayala amangotitimira. Ankaima pamenepo n'kumayang'ana mbali inayo, kenako n'kubwerera. Ine ndinkawatsatira chapatali wapansi, ndikudziwa kuti akandiona akwiya. Kuona bambo amene anayendetsa makina aakulu moyo wawo wonse akugonja kwa kapinga kunkandipweteka kuposa tsiku limene anagwa.

Anthu anayamba kulankhula. Oyendetsa galimoto ankachepetsa liwiro kuti aone, ndipo kwa Bev nkhani inali ya Duane. Makatani ake anayamba kukhala otseka.

Tsiku lina m'mawa Duane anatuluka atavala mkanjo wogonera ndi masilipasi, makiyi ali m'manja. Ine ndinali kuseri kwa mtengo wa mayi Kowalczyk, ndipo ndinamva zonse.

"Alamu, musamaime apa ngati wopemphetsa, anthu akundinena. Siyani njingayo, kwerani galimoto ndikakutuleni."

A Orrin analimbana ndi lilime kwa kanthawi, nkhope itafiira.

"Sindine katundu," anatero.

Anakhotetsa njinga n'kulowa mumsewu. Kumbuyo kwawo kunkabwera thiraki yodzaza mitengo, ndipo iwo ankapalasa pang'onopang'ono ndi mwendo wawo wolimba uja, osacheuka. Duane anataya makiyi. Anathamangira mumsewu, n'kukhala kumbuyo kwa njinga akukupiza manja, mkanjo ukuuluka, silipasi imodzi itatsala pamzere woyera. Hutala inalira, mabuleki anakuwa, fungo la matayala opsa linadzaza paliponse. Thiraki inaima pafupi moti Duane akanatha kuigwira ndi dzanja, woyendetsa akutukwana mtundu wathu wonse.

A Orrin anakwera njira ya kutsidya n'kupitirira ulendo wa kwa Bev. Sanathokoze munthu.

Ndinamupeza Duane atakhala pansi pa kapinga wake, akupumira m'mwamba, phazi likutuluka magazi. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamumenya ndi chikwangwanicho.

"Marlys, uwaletse," anatero. "Afera pakhomo panga munthu ameneyu."

Ndinayang'ana amuna anga akunka nachepera chakutali, msana uli chilili kwa nthawi yoyamba chidwalireni. Mantha ndinali nawo, koma kuwabwezeranso pabwalo paja sindikanatha.

"Mawa adzadutsanso nthawi yomweyi, achimwene," ndinamuuza. "Mudzavale nsapato."